Safunsa adadya phula: Nyamakazi, Covid-19 ndi mauthenga a pafoni

Kukamacha mwezi wa June ku Mitundu, munthu wodwala nyamakazi sachita kutuluka panja kuti adziwe mmene kwazizirira. Zala zimamuuza akadali pamphasa. Zimauma gwa ngati nkhuni, kumanga chitenje kumavuta, ndipo mpini wa khasu kapena chigubu cha madzi zimakana kugwirika. Ena amadikira kuti dzuwa likwere kaye ndi pomwe mawondo amawalola kuponda pansi.

Anthu otere sasowa m'midzi yozungulira Mitundu ndi Nathenje, kummwera kwa boma la Lilongwe. Ndi agogo aja amayenda ndi ndodo popita kutchalitchi, amayi aja adasiya kukazinga mandasi kaamba ka zala zopindika, komanso abambo aja amavula nsapato imodzi chifukwa chala chachikulu chatupa. Ambiri mwa iwo sadagwirepo foni yamakono. Komatu m'zaka za 2020 ndi 2021, mliri wa Covid-19 utafika pachimake, zomwe zinkalembedwa pa masamba a mchezo a WhatsApp, Facebook ndi Twitter zidawapeza pakhonde pawo pomwe, kudzera mwa ana, adzukulu ndi abale a ku Joni.

Ena mwa mauthengawo adali othandiza. Ena adaika miyoyo pachiswe. Chodandaulitsa n'chakuti uthenga wolakwika ndiwo unkafika msanga, pomwe wokonza cholakwikacho unkatsalira m'njira.

Nyamakazi si imodzi

Kumudzi, kuphwanya kulikonse kwa m'mafupa kumatchedwa nyamakazi, koma achipatala amasiyanitsa mitundu yambiri. Wofala kwambiri ndi wa osteoarthritis, womwe umadza pomwe kachichereweche koteteza nsonga za mafupa kaperepeseka chifukwa cha ukalamba, ntchito yolemetsa kapena kunenepa. Umakonda mawondo, chiuno ndi msana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni adali ndi vutoli.

Mtundu wina ndi wa rheumatoid arthritis. Apa chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi mfundo za mwini wake, makamaka za zala ndi manja, mbali zonse ziwiri. WHO imati mu 2019 odwala adalipo 18 miliyoni ndipo 70 mwa 100 alionse adali amayi. Palinso lupus, yomwe imagwira khungu, mfundo ndi impso, ndipo mwa odwala 10 alionse 9 amakhala aakazi. Nayo gout imatupitsa chala chachikulu cha kuphazi mwadzidzidzi, kawirikawiri usiku, ndipo mowa, nyama yofiira ndi zam'kati zimaiputa.

Kusiyanaku n'kofunika chifukwa mankhwala akenso ndi osiyana. Wodwala rheumatoid arthritis kapena lupus amapatsidwa mankhwala ofatsitsa chitetezo cha m'thupi, monga methotrexate, prednisolone ndi hydroxychloroquine. N'chifukwa chake mliri utabuka odwalawa adagwidwa njakata: apitirize kumwa mankhwala omwe amafooketsa chitetezo, kapena asiye nyamakazi iwagwetse?

Njira ya kuchipatala idatalika

Pa 20 March, 2020, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Peter Mutharika, adalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo patatha masiku atatu sukulu zonse zidatsekedwa. Pa 2 April anthu atatu oyamba adapezeka ndi kachilomboka mumzinda wa Lilongwe. Boma lidakonza zoti anthu abindikire m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 April, koma bwalo lalikulu la milandu lidaletsa.

Ngakhale m'bindikirowo sudachitike, moyo udasintha. Maminibasi adalamulidwa kuchepetsa okwera ndipo mitengo idakwera. Pazipata za zipatala padaikidwa zidebe zosambira m'manja, ndipo wopanda masiki ankabwezedwa. Mphekesera idawanda yoti aliyense wotsokomola akafika kuchipatala amutsekera kwayekha ndipo abale sadzamuonanso.

Wodwala wa ku Nathenje amayambira pachipatala chaching'ono cha pamalopo, m'mbali mwa msewu wa M1, kapena amalowera ku chipatala cha mishoni cha Nkhoma. Wa ku Mitundu amapita pachipatala cha Mitundu Community. Matenda akakula, onsewa amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central mumzinda. Akatswiri enieni a nyamakazi ndi ochepa zedi kuno kummwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo ambiri mwa ochepawo ali m'maiko ngati South Africa, Nigeria ndi Kenya. Choncho munthu wa mawondo otupa, yemwe kale ulendo wa m'tauni unkamulemera, tsopano adali ndi zifukwa ziwiri zokhalira pakhomo: thumba ndi mantha.

Mpata womwe chipatala chidasiya, foni idautenga. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti pafupifupi theka la mabanja m'dziko muno lidali ndi foni ya m'manja, pomwe mabanja 16 okha mwa 100 alionse ndiwo ankafikira intaneti. Komatu foni imodzi ya mphunzitsi, ya wakabaza kapena ya mnyamata wotchajitsa mabatire pamsika imakwana kudyetsa mudzi wonse nkhani. Uthenga wa mawu pa WhatsApp sufuna kuti munthu adziwe kuwerenga. Umangoseweredwa pachigayo, pamjigo kapena pamaliro, basi wafalikira.

Mauthenga atatu omwe adasokoneza

Uthenga woyamba udachokera ku France. Pa 14 March, 2020, nduna ya zaumoyo m'dzikolo, Olivier Véran, idalemba pa Twitter kuti mankhwala ochepetsa kutupa monga ibuprofen akhoza kukulitsa matenda a Covid-19. Ibuprofen ndi Brufen yemwe uja odwala nyamakazi amamudalira, pamodzi ndi abale ake, diclofenac ndi Indocid. Pasadathe sabata, WHO idafotokoza kuti sikuletsa anthu kumwa ibuprofen. Koma chenjezo lija lidali litazungulira kale dziko lonse, ndipo kufotokozerako sikudayende mtunda womwewo.

Wachiwiri udachokera ku America. Pa 19 ndi 21 March, mtsogoleri wa dzikolo Donald Trump adatamanda chloroquine ndi hydroxychloroquine, pamsonkhano wa atolankhani komanso pa Twitter, ngati mankhwala omwe angasinthe nkhondo yolimbana ndi mliriwu. Achikulire a kuno amamukumbuka bwino chloroquine, kuwawa kwake pakhosi ndi kuyabwa kwake m'thupi. Dziko la Malawi lidasiya kumugwiritsa ntchito pochiza malungo mu 1993, loyamba mu Africa kutero, n'kutenga Fansidar, ndipo mu 2007 lidasinthiranso ku LA. Koma mbale wake, hydroxychloroquine, adakali mzati wa moyo kwa wodwala lupus.

Anthu atamva mawu a Trump adathamangira kukagula mankhwalawa n'kusunga m'nyumba. Ku Lagos, m'dziko la Nigeria, akuluakulu a zaumoyo adalengeza mwezi womwewo kuti anthu ena adagonekedwa m'chipatala atamwa chloroquine mopyola muyeso, poti mankhwalawa akachuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima. Dziko la India, komwe kumachokera mankhwala ambiri omwe Amalawi amamwa, lidayamba laletsa kutumiza kunja hydroxychloroquine kumapeto kwa March. Odwala lupus m'maiko ambiri adapeza mashelefu ali mbee. Pa 5 June, kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa RECOVERY adapeza kuti mankhwalawa sathandiza odwala Covid-19 ogonekedwa m'chipatala, ndipo pa 17 June WHO idasiya kuwayesa. Apa n'kuti amayi a lupus atavutika kale miyezi itatu chifukwa cha mankhwala omwe ogulawo sadapindule nawo kanthu.

Uthenga wachitatu udali woona, koma udafika woduka mchira. Pa 16 June, kafukufuku yemweyo adalengeza kuti dexamethasone amapulumutsa miyoyo. Adachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala omwe adali pamakina opumira, komanso gawo limodzi mwa asanu pakati pa omwe ankapatsidwa mpweya. Mbali yomwe inkasiyidwa potumizirana ndi yoti kwa munthu yemwe akupuma bwinobwino mankhwalawa sadaonetse phindu lililonse. Dexamethasone ndi wa banja limodzi ndi prednisolone. Kumwa mankhwala a banja limeneli nthawi yaitali popanda dokotala kumabweretsa shuga, kuthamanga kwa magazi, kufooka kwa mafupa ndi kutupa nkhope, komanso kumatsegulira khomo matenda ngati TB. Kuwasiya mwadzidzidzi utawamwa milungu ingapo n'koopsanso, munthu akhoza kukomoka ngakhale kufa kumene.

Madokotala nawo adakumana pafoni

Pomwe mphekesera zinkathamanga, masamba omwewo adagwiranso ntchito ina. Mu March 2020, katswiri wa nyamakazi wa ku Cleveland Clinic ku America, Leonard Calabrese, adafunsa anzake pa Twitter, tsamba lomwe pano likutchedwa X, ngati pali kaundula wolembamo odwala nyamakazi omwe agwidwa ndi Covid-19. Padalibe. Madokotala ena, kuphatikizapo Philip Robinson wa ku Australia ndi Jinoos Yazdany wa ku San Francisco, adalitola funsolo, ndipo mwezi usadathe adali atakhazikitsa mgwirizano wa Covid-19 Global Rheumatology Alliance. Ambiri mwa iwo adali asadaonanepo maso ndi maso.

Ntchito yake idali yapafupi kuimvetsa. Dokotala aliyense, kulikonse komwe ali, ankalemba za wodwala wake popanda kutchula dzina: zaka zake, mtundu wa nyamakazi, mankhwala omwe amamwa ndi mmene Covid-19 idamuthera. Mutu umodzi susenza denga. Chomwe dokotala mmodzi sakadachiona mwa odwala ake awiri kapena atatu chidaonekera poyera odwala atachuluka.

Kumapeto kwa May 2020 zotsatira za odwala 600 a m'maiko 40 zidatuluka. Omwe ankamwa prednisone wokwana mamiligalamu 10 kapena kuposa patsiku adali pachiopsezo chowirikiza kawiri chogonekedwa m'chipatala. Mankhwala a gulu la Brufen sadaonjezere chiopsezocho. Hydroxychloroquine sadatchinjirize omwe ankamumwa kale. Mu January 2021 padatulukanso zotsatira za odwala 3,729, zomwe zidaonetsa kuti kupatula ukalamba ndi matenda a mtima kapena mapapo, nyamakazi yolusa, yosagonjetsedwa ndi mankhwala, inkaonjezera chiopsezo cha imfa.

Yankho la funso lija lidapezeka: wodwala asasiye yekha mankhwala ake poopa mliri, ndipo prednisolone achepetsedwe pang'onopang'ono ndi dokotala ngati n'kotheka. Nalo bungwe la akatswiri a nyamakazi mu Africa la AFLAR lidatulutsa malangizo ake mu 2020, ndipo kafukufuku wake adaonetsa kuti madokotala ambiri a muno mu Africa adayamba kulankhula ndi odwala awo palamya ndi pa WhatsApp, komanso kuti hydroxychloroquine adasowadi.

Kusiyana kwa gulu la madokotalali ndi gulu la WhatsApp la pamudzi sikudali pafoni ayi. Madokotala ankadziwana maina ndi komwe aliyense amagwira ntchito, ankawerenga odwala asadalankhule, ndipo akalakwitsa ankabwerera kudzakonza. Uthenga wa pamudzi udalibe mwini. Unkangoyamba ndi mawu akuti wachokera kwa dokotala wina wa kunja, n'kutsiriza ndi kulamula kuti utumizidwe kwa onse okondedwa.

Chofooka cha kaundulayo n'chakuti odwala ambiri olembedwamo adali a ku Ulaya ndi ku America. Zotsatira zake zidalembedwa m'Chingerezi cha madokotala, osati m'chilankhulo chomwe agogo a ku Mitundu angamve akusenda chimanga.

Chaka cha mandimu ndi katemera

January wa 2021 sadzaiwalika. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri zidamwalira tsiku limodzi ndi Covid-19: Sidik Mia wa zamtengatenga ndi Lingson Belekanyama wa maboma ang'onoang'ono, yemwe adali phungu wa dera la Lilongwe Msinja South, kummwera konkuno. Lazarus Chakwera, yemwe adali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, adalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo bwalo la zamasewero la Bingu lidasandutsidwa chipatala.

M'magulu a WhatsApp mudadzaza maphikidwe a mandimu, jinja ndi adyo, komanso malangizo ofukiza nthunzi ya masamba a bulugamu utafunda bulangete. Mandimu adakwera mtengo m'misika. Tiyi wa jinja payekha sapha munthu. Vuto linkadza pomwe uthenga ukuti zitsambazi zilowe m'malo mwa mankhwala a kuchipatala, kapena pomwe wokalamba wa miyendo yofooka waikidwa pamwamba pa mphika wa madzi owira.

Katemera woyamba, wa AstraZeneca wokwanira kubaya ka 360,000, adafika pa 5 March, 2021, ndipo pa 11 March Chakwera adabayitsa poyera ku Zomba. Koma mafoni adali atadzaza kale ndi nkhani zoti katemerayu ndi chizindikiro cha 666, amaumitsa mimba, ndipo wobayitsa amwalira pakatha zaka ziwiri. Pa 19 May, katemera wokwana 19,610 yemwe adatha mphamvu adatenthedwa pachipatala cha Kamuzu Central, nduna ya zaumoyo panthawiyo Khumbize Kandodo Chiponda akuonerera. Katemerayo adafika m'dziko muno atatsala ndi masiku ochepa kuti athe mphamvu, komanso mphekesera zidachititsa kuti anthu azengereze.

Kwa odwala nyamakazi izi zidali zomvetsa chisoni kawiri. Mabungwe a akatswiri a matendawa ankalangiza kuti odwala awo abayitse, poti chitetezo chawo n'chofooka kale ndipo katemerayu alibe kachilombo kamoyo ka Covid-19. Omwe ankafunikira katemera koposa ndiwo ankaopsezedwa kwambiri kuti matupi awo sangapirire. Zaka ziwiri zonenedwazo zidakwana n'kudutsa, koma palibe uthenga wopepesa udazungulira m'magulu muja.

Zomwe foni ingathe ndi zomwe singathe

Si kuti foni ndi mdani. Ntchito ya Chipatala Cha Pa Foni, yomwe idayambira m'boma la Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach isadafalikire dziko lonse n'kutengedwa ndi unduna wa zaumoyo, idaonetsa kuti munthu akhoza kulandira uphungu woona kwa azaumoyo ophunzitsidwa ali pakhomo pake. M'nthawi ya mliri anthu ankaimba ulere pa 54747 ndi laini ya Airtel, ngakhale ndi kafoni ka mabatani.

Foni ikhoza kukumbutsa mayi tsiku lomwa methotrexate, yemwe amamwedwa kamodzi pasabata, osati tsiku ndi tsiku, ndipo saloledwa kwa woyembekezera. Ikhoza kujambula tsamba la kabuku ka kuchipatala kuti mwana wa m'tauni akagule mankhwala enieniwo, osati ongofanana nawo dzina. Ikhoza kufunsa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi ngati kiliniki ilipo, munthu asadalipire kabaza. Ikhozanso kulumikiza odwala okhaokha kuti azilimbikitsana, poti nyamakazi imabweretsa kusungulumwa, makamaka achibale akayamba kunena kuti ndi ulesi kapena kuti wina adatchera mankhwala panjira.

Koma foni singagwire bondo kuti imve kutentha. Singayeze magazi, impso kapena maso, zomwe womwa mankhwala a nyamakazi nthawi yaitali amafunika kuyezetsa. Mfundo imodzi ikatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, thupi lonse n'kutenthanso, mukhoza kukhala mafinya omwe amaononga mfundoyo m'masiku ochepa. Kumeneko n'kothamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osati kotema mphini kapena kotumiza chithunzi pagulu. Mwana yemwe adadwala zilonda za pakhosi, kenako patatha milungu iwiri kapena itatu n'kuyamba kumva ululu wosamukasamuka m'mawondo ndi m'akakolo, afunika kuonedwa msanga chifukwa matenda amenewo amakaononga mtima. Msana wopweteka miyezi, limodzi ndi kuonda ndi thukuta la usiku, ukhoza kukhala TB ya m'mafupa. Naye womwa Brufen, diclofenac kapena Indocid akaona chimbudzi chakuda ngati makala kapena kusanza magazi, asiye pomwepo n'kupita kuchipatala, poti mankhwalawa amaboola zilonda m'mimba ndipo amaononga impso.

Mliri udatha, mauthenga sadathe

Pa 5 May, 2023, WHO idalengeza kuti Covid-19 sikuonedwanso ngati ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Mamasiki adasowa m'misika ya Mitundu ndi Nathenje, ndipo maminibasi adayambanso kudzaza monga kale. Koma nyamakazi sidapite ndi mliri, ndipo magulu a WhatsApp aja adakalipo. Lero mumayenda malonda a mabotolo ndi maufa omwe eni ake amati amachiza nyamakazi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi nthawi imodzi. M'maiko angapo, mankhwala otere atayezedwa adapezeka kuti adathiridwamo mwachinsinsi dexamethasone kapena diclofenac. Wodwala amamva bwino sabata yoyamba, osadziwa kuti akumwa mankhwala amphamvu opanda muyeso. M'dziko muno bungwe la PMRA ndilo lili ndi udindo wovomereza mankhwala ndi ogulitsa ake, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa chiphaso.

Achipatala sabisa kuti rheumatoid arthritis ndi lupus sizichizika kotheratu. Chomwe mankhwala amachita ndi kuzigoneka pansi, ndipo akayambidwa msanga, m'miyezi yoyambirira, zala zimapulumuka osapindika. Wolonjeza kuti achotsa nyamakazi ndi mizu yomwe m'masiku asanu ndi awiri akufuna ndalama ya fodya kapena ya soya yomwe banja lakolola movutikira.

M'makomo ambiri, wogwira foni si wodwalayo. Ndi mdzukulu wa Fomu 3, mpongozi kapena mwana wa ku Joni, ndipo amatumiza uthengawo chifukwa cha chikondi. Udindo wagona pa iyeyo. Asadawawerengere agogo, ayambe wafunsa kuti wanena ndi ndani, amagwira ntchito pachipatala chiti, uthengawo ndi wa liti, ndipo kodi mwini wakeyo akugulitsa kanthu. Ngati uthenga ukuti munthu ayambe, asiye kapena aonjezere mankhwala, usungidwe kaye m'foni momwemo mpaka ukaonetsedwe kwa dokotala kapena namwino, kabuku ka kuchipatala kali m'manja.

Ndipo tsiku lomwe zadziwika kuti uthenga uja udali wabodza, yemwe adautumiza abwerere pagulu lomwelo, ndi pakhonde pa agogo pomwe, akanene kuti zija sizidali zoona. Gawo limeneli ndi lomwe lidasowa kwambiri mu 2020.